Tsiku Lomwe Sindinayankhe Foni ya Kusukulu

Ntchito yanga inatha mu Juni. Ndinali nditagwira zaka zisanu ndi chimodzi mu labu ya kampani ina yopanga mankhwala ku Gaithersburg, kuyeza timadzi m'timabotolo ndi kulemba zomwe makina aonetsa. Mmawa wina anatiitanira m'chipinda cha misonkhano nkutiuza kuti gawo lathu lonse alitseka. Pofika masana ndinali pamsewu waukulu wozungulira mzinda, ndikubwerera kwathu ku Lanham ndi katoni momwe munali kapu yanga ya tiyi ndi nsapato zosinthira.

Mwana wathu wamkazi anali atangokwanitsa zaka zisanu, ndipo kumapeto kwa Ogasiti amayenera kuyamba kindagateni, kalasi yoyamba ya pulayimale yakuno. Ndinadziuza kuti miyezi iwiri ndi yambiri, pofika tsikulo ndikhala nditapeza kwina. Sizinatero.

Mkazi wanga ndi wosamalira okalamba. Ine nditakhala pansi, anavomera ntchito imene kale ankaikana: kukagonera kunyumba ya gogo wina ku Virginia kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Choncho mkati mwa sabata m'nyumba tinkatsala awiri, ine ndi mwana. Lamlungu mayi ake ankamuluka tsitsi, koma pofika Lachitatu limakhala litamasuka, ndipo ine ndinkalikoka ndi zala zanga zolimbazi mpaka kulimanga timitu tiwiri tosalingana. Mwanayo ankangolimba mtima, osadandaula.

Tsiku loyamba la sukulu, mayi ake asananyamuke kupita ku Virginia, tinamuperekeza tonse awiri pakona pomwe basi yachikasu imaima. Chikwama chinali chachikulu kuposa msana wake. Anakwera osacheuka, mayi ake nkuyamba kulira, ine nkumawaseka. Dalaivala anatsegula zenera nkutiuza kuti ana a kindagateni satsitsidwa ngati pakona palibe munthu wamkulu wowalandira. Ndinagwedeza mutu ngati kankhani kakang'ono.

Basi inkamutenga hafu pasiti eiti, nkumubweza folo koloko isanakwane. Pasukulupo pali malo osungira ana mmawa asanalowe m'kalasi komanso akaweruka, koma tinapeza adzaza, ndipo dzina lake anangolilemba pa mndandanda wa odikira. Apa ndi pomwe panali vuto. Ntchito za mu labu zimayamba mmamawa, ndipo zambiri zili kutsidya lina la mzinda, komwe ukanyamuka nthawi yolakwika umatha ola ndi theka uli pamdipiti wa magalimoto. Ine maola anga anali okhawo apakati pa mabasi awiri.

Basi ikangokhota, ndinkapita ku laibulale ndi kompyuta yanga. M'nyumba mopanda munthu ndinkachita mantha kukhalamo, chifukwa tsiku lina ndinangodzipeza ndakhala pamphepete pa bedi la mwana kwa maola awiri, sokosi yake ili m'manja, osadziwa chomwe ndikuganiza. Ku laibulale kunali anzanga amene sitinkadziwana mayina, tonse maso pa kompyuta, tonse titavala bwino ngati tili ndi kopita. Ndinkatumiza CV kulikonse. Mayankho ambiri ankalembedwa ndi makina: tikuthokoza chifukwa cha chidwi chanu, tasankha ena. Ena osayankha nkomwe. Patapita nthawi ndinachotsa digiri yanga yachiwiri pa CV, poganiza kuti mwina ikuwaopseza anthu. Ndinaichotsa ndi chala chimodzi, digiri imene inandibweretsa m'dziko lino.

Amayi anga kumudzi sindinawauze. Akaimba foni nkufunsa kuti ntchito ikuyenda, ndinkati ikuyenda, kenako nkumuitana mdzukulu wawo kuti awapatse moni.

Foni ndinkaiika patebulo moyang'ana kumwamba. Ikalira, ndinkaitola msangamsanga. Sabata yachiwiri ya sukulu foni inalira cha m'ma leveni koloko, nambala yachilendo. Ndinathamangira panja, ndinakonza kukhosi, ndinayankha ndi mawu anga apamwamba aja. Anali namwino wa pasukulu. Anati mwana wadzikodzera m'kalasi, ndibwere ndi zovala.

Zinandidabwitsa, chifukwa mwanayu anasiya matewera ali ndi zaka ziwiri. Ndinamupeza atakhala pakabedi ka m'chipinda cha namwino, maso ali pansi. Ndinamusintha, ndinamufunsa, sanayankhe. Namwino anati zimachitika, ana ambiri amatero akamayamba, ndingomaika zosinthira m'chikwama. Patatha masiku atatu zinachitikanso. Sabata yotsatira, kawiri.

Ine ndimamulankhula Chichewa, iye amamva zonse koma amayankha m'Chingerezi. Pano ndilemba mawu ake m'chiyankhulo chathu. Madzulo ena, ndikumupaka mafuta atasamba, ndinayesanso.

"Mama, kodi aphunzitsi amakukaniza kupita kuchimbudzi?"

"Ayi."

"Nanga pali amene amakuvutitsa?"

"Ayi."

"Ndiye chikuchitika nchiyani? Wakula iwe, ukudziwa?"

Anangoyamba kulira. Ndinaona kuti mawu omalizawo sindikanayenera kunena, koma ndinali wotopa, ndipo tsiku limenelo ndinali nditalandira makalata anayi ondikana. Ndinamusiya. Ndinangoonetsetsa kuti m'chikwama mwake muzikhala kajumbo ka panti, buluku ndi sokosi.

Kumapeto kwa Seputembala kampani ina ya ku Gaithersburg komweko inandiimbira. Tinalankhula pafoni kawiri, kenako anati ndipite akandione. Aka kanali koyamba chichotsedwereni ntchito kuti munthu afune kuona nkhope yanga. Ndinapempha nthawi ya mmawa, iwo anati mabwana onse atatu apezeka hafu pasiti thwelofu Lachinayi. Ndinavomera msangamsanga. Ndinaganiza kuti tikatha thu koloko, ndikhala nditafika pakona basi isanabwere.

M'nyumba yosanja yomwe tinkakhala, pansi pathu pankakhala mayi wina wa ku Zambia, wachikulire kuposa ife, amene ankagwira ntchito usiku kunyumba yosungira okalamba. Dzina lake ndi lomwe tinalemba kusukulu ngati munthu woimbiridwa ife tikasowa. Lachitatu ndinakagogoda kwawo nkuwafotokozera.

"Ba neba, imwe yendani chabe ku intavyu," anatero. "Bakatuma foni nizayenda ine. Mulungu akutsogolereni."

Lachinayi mmawa ndinasita malaya kawiri chifukwa kolala inkakana kugona. Ndinamanga tsitsi la mwana, ndinamuikira chakudya, tinathamangira basi. Zosinthira zake ndinali nditazichapa dzulo lake, ndipo zinatsala m'makina oumitsira zovala kuchipinda chochapira. Sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono.

Anandilandira anthu atatu, amayi awiri ndi bambo mmodzi wa imvi amene anali mkulu wa labu. Mafunso oyamba ndinayankha bwino, ndinadzimva ndekha. Anafunsa za makina amene ndinawagwiritsa ntchito zaka zambiri, ndipo pofotokoza ndinaona manja anga akuyenda m'malere ngati makinawo ali patebulopo. Bambo wa imvi uja anayamba kumwetulira ndi kulemba.

Pamenepo foni inanjenjemera m'thumba la jekete. Ndinaitulutsa pang'ono pansi pa tebulo. Kusukulu. Ndinaidina kuti isiye, ndinapitiriza chiganizo changa. Ndinadziuza kuti ndi nkhani yomwe ija, zosinthira zili m'chikwama, namwino akudziwa chochita. Ndipo nthawi yomweyo ndinaziona zovala zija m'maganizo mwanga, zili m'makina.

Patapita mphindi ngati khumi inanjenjemeranso. Ndinadziuza kuti aimbira amayi a ku Zambia aja. Kachitatu inanjenjemera mmodzi wa amayi ondifunsa aja ali pakati pa funso, ndipo m'chipindamo munali zii moti aliyense anaimva. Bambo wa imvi anakweza mutu.

"Kodi mukufuna muiyankhe? Tikhoza kudikira."

Ananena mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti ankanenadi zoona. Koma ine ndinaona munthu amene akufunsira ntchito akutuluka kukayankha za mwana wodzikodzera, ndi anthu atatu akuyang'anana iye atatuluka. Ndinaganiza za mkazi wanga akunyamula munthu wamkulu kumuika pampando. Ndinati, "Ayi, pepani, si kanthu." Ndinaizimitsiratu.

Kumapeto anandiuza kuti ntchitoyo ndi ya miyezi isanu ndi umodzi poyamba, ndipo shifiti imayamba hafu pasiti sikisi mmawa. Anafunsa ngati pali vuto. Ndinati palibe. Kenako mkulu uja anati andionetse labu. Ndinadziwa kuti chimenecho ndi chizindikiro chabwino, ndipo sindikanakana. Tinavala makoti oyera, tinayenda chipinda ndi chipinda, iye akufotokoza mosathamanga, ine ndikufunsa mafunso anzeru maso ali pa wotchi ya pakhoma. Tinatuluka hafu pasiti thu itadutsa.

Ndinayatsa foni ndisanafike pagalimoto. Munali mauthenga atatu a namwino. Woyamba unati mwana wadzikodzera ndipo m'chikwama mulibe zosinthira. Wachiwiri unati ayesa nambala ya a neba, sakuyankha. Wachitatu unati mwana akukana kubwerera m'kalasi, walira mpaka wasanza, sangamukweze basi ali choncho, ndipo aimbira mayi ake. Ndisanamalize kumvetsera, mkazi wanga anaimba.

"Muli kuti bambo?"

"Ndikutuluka kumene. Ndikupita."

"Andiimbira ine. Ine ndili ndi agogowa m'bafa, sindingawasiye okha. Ndimangomumva mwana akulira kumbuyo kwa namwinoyo." Mawu ake anali otsika, ankanong'ona kuti agogowo asamve. "Foni munazimitsa?"

"Ndinazimitsa."

Anangoti, "Yendetsani bwino," nkudula.

Pamsewu waukulu uja panali ngozi. Magalimoto anaima duu, mizere yonse. Ndinaimbira kusukulu kunena kuti ndikubwera, mayi wa muofesi anati adikira. Ndinaimbira a neba kasanu. Ndinamasula taye, ndinamenya chiwongolero ndi chikhatho mpaka dzanja linachita dzanzi, ndipo mayi wina m'galimoto yapambali anandiyang'ana nkukweza galasi lake. Ndinapemphera pemphero losalongosoka, lopanda mutu, theka lopempha msewu utseguke, theka lopempha kuti anthu atatu aja andikonde. Ndinachita manyazi kuti ngakhale pamenepo ndinkaganizabe za ntchitoyo.

Ndinafika mabasi onse atapita, m'makonde muli bambo wokolopa yekha. Mwana ndinamupeza pakabedi kaja. Anamuveka buluku la mwana wamkulu lochokera m'bokosi la zovala zotayika, atalipinda katatu m'miyendo nkulimanga ndi lamba wa pulasitiki m'chiuno. Sankaliranso. Maso anali otupa, kamutu kamodzi ka tsitsi katamasuka. Zovala zake zonyowa zinali m'jumbo pamiyendo pake, atazigwira ndi manja onse awiri.

Namwino sanandikalipire. Anangoti, "Anakhala akufunsa ngati mwayankha." Ndinathokoza, ndinapepesa, ndinathokozanso.

Tinalowa m'galimoto nkunyamuka. Kenako mawu anachokera kumbuyo.

"Adadi, ndimamva foni yanu ikuitana. Munali kuti?"

"Ndinapita kukafunsira ntchito, mama."

"Akupatsani?"

"Sindikudziwa."

"Mukanangoyankha nkunena kuti mukubwera."

Ndinaimika galimoto pamalo oimikapo a sitolo ina, ndinatsika, ndinakakhala naye kumbuyo. Ndinamuuza kuti ndinalakwa, zovala ndinaiwala ndine, ndipo foni ndinaiona. Sindikudziwa chifukwa chake ndinamuuza kuti ndinaiona. Kenako, osafunsidwa, anandiuza chomwe ndinakhala ndikufunsa mwezi wonse. Zimbudzi za kusukulu zimagujumula zokha. Pakhoma pali kadiso kofiira, ndipo chifukwa iye ndi wamfupi, kadisoko kamaganiza kuti wachokapo iye akadali pompo, madzi nkubangula pansi pake. Tsiku loyamba anagwa nacho pansi ndi mantha. Chiyambire tsikulo sanalowemonso. Ankangodzigwira kuyambira mmawa, masiku ena nkukwanitsa, masiku ena ayi.

"Bwanji sunandiuze?"

"Munali pa kompyuta."

Tikukwera masitepe kunyumba tinakumana ndi amayi a ku Zambia aja, chitenje chili m'manja, nkhope yotupa ndi tulo. "Ba neba, nikhululukireniko. Nenze nagona monga munthu wakufa, foni sininaimvele." Anagwada nkumukumbatira mwanayo. Ndinawauza kuti asadandaule. Munthu amene wagwira ntchito usiku wonse ungamuimbe mlandu wanji chifukwa chogona masana?

Mmawa mwake ndinapita kukaonana ndi aphunzitsi ake, mtsikana wamng'ono ndithu. Nditafotokoza anagwira pakamwa, nati akanadziwa kale. Anatsegula dirowa ya tebulo lake nkutulutsa timapepala tachikasu tomata. Anamuonetsa mwanayo kuti akalowa azimata kamodzi pa kadiso kaja, akamaliza achotse, nkutuluka msanga. Nkhani yonse inathera pamenepo, pa kapepala. Sanadzikodzerenso.

Lachisanu mkazi wanga anabwera, anayamba wamukumbatira mwana, anamusambitsa, anamumasula tsitsi. Ine ndinkadikira mkangano. Unabwera Loweruka mmawa tikupinda zovala, koma sunali mkangano weniweni.

"Ndakhala ndikuganiza," anatero osandiyang'ana. "Mukanayankha foni ija nkutuluka mu intavyu, ndikanakukwiyirani. Simunayankhe, ndakukwiyiraninso. Ndiye sindikudziwa kuti ndikufuna chiyani."

"Nanenso sindikudziwa."

"Msana ukundipweteka, bambo. Sindinafune kukuuzani."

Lachiwiri lotsatira a kampani ija anandiimbira. Anandipatsa ntchito. Ndinali m'khonde la laibulale, ndinatsamira khoma. Anati ndiwayankhe pofika Lachisanu.

Hafu pasiti sikisi ku Gaithersburg ndiye kuti kunyamuka ku Lanham hafu pasiti faifi. Basi ya mwana hafu pasiti eiti. Maola atatu amenewo ndinawasakira munthu masiku atatu. Kusukulu anati mndandanda sunasunthe, ndipo ngakhale ukanasuntha, amatsegula seveni koloko. A neba ankafika kuchokera kuntchito cha m'ma eiti. Ndinaimbira anthu a kutchalitchi kwathu mmodzimmodzi, ena amene ndinali ndisanawauze nkomwe kuti sindili pantchito. Amayi ena anavomera ndi mtima wonse, koma amakhala kutali, ndipo zikanatanthauza kumudzutsa mwana folo koloko mbandakucha, kumusiya kwawo, iwo nkumuyendetsa kubwerera ku Lanham ndi ana awo atatu m'galimoto. Mayi wina amene amasunga ana m'nyumba mwake anati malo alipo, koma amayamba sikisi koloko, osati kale kuposa pamenepo. Ndinamuchonderera mphindi makumi atatu zokha. Anati ali ndi malamulo omwe amatsata.

Ndinaimbira mkulu wa labu uja nkumuuza zoona zonse, zomwe ndikanamuuza tsiku lija. Anamvetsera bwinobwino. Anati nayenso analera ana, akumvetsa, koma shifitiyo ndi ya gulu, munthu mmodzi sangayambe nthawi yakeyake.

Lachinayi madzulo ndinalankhula ndi mkazi wanga pafoni. Anati akhoza kusiya kwa agogo aja nkubwerera kunyumba. Tonse tinadziwa kuti sizingatheke. Ntchito yake inali yokhazikika, yanga ya miyezi isanu ndi umodzi. Ikanatha mu Epulo iwo osandiwonjezera, tikanakhala tonse awiri pansi.

"Ndiye mukana?" anafunsa.

"Ndikana."

Sanandilimbitse mtima, ndipo ndinamuthokoza chamumtima chifukwa cha zimenezo.

Kalata yokana ndinailemba Lachisanu mmawa, basi itangopita. Mizere inayi yokha, koma inanditengera ola. Nditatumiza ndinatseka kompyuta, ndinapita kuchimbudzi cha laibulale, ndinadzitsekera, ndinalira ngati mwana, ndikuluma mkono wa malaya kuti wa chipinda chinacho asamve. Kenako ndinasamba kumaso, ndinabwerera patebulo, ndinatsegulanso kompyuta, chifukwa nthawi inali isanakwane leveni ndipo kunalibe kwina kopita.

Okutobala yense anadutsa wopanda foni ina iliyonse. Masamba anathothoka, mmawa pakona panayamba kuzizira, makolo ena odikira basi anazolowera kundiona ndipo anasiya kufunsa ngati ndili patchuthi. Masiku ena sindinkatumiza CV ngakhale imodzi. Ndinkangokhala m'galimoto kunja kwa laibulale, injini itazima, mpaka zala zitauma.

Mu Novembala amayi a ku Zambia aja anandiuza za kampani yaing'ono yonyamula odwala impso kupita nawo kuchipatala kukatsukidwa magazi. Inkafuna dalaivala wa pakati pa tsiku, kuyambira hafu pasiti naini mpaka thu koloko. Sanafune CV. Anaona laisensi yanga, anandiyeza ngati sindigwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, anandiphunzitsa masiku awiri kumangirira njinga ya olumala m'galimoto kuti isagubuduke.

Wodwala wanga woyamba anali bambo wokalamba wamtali, wodulidwa mwendo umodzi. Ndinalimbana ndi malamba a njinga yake kwa mphindi zingapo, iye akungondiyang'ana. Kenako analoza ndi chala.

"Lofiiralo lipite kutsogolo, mwana wanga. Ndiwe watsopano eti?"

"Eya bambo, ndayamba lero."

"Usathamange pamabampu. Pobwerera ndimakhala ndilibe mphamvu."

Ndinamanga lamba wofiira kutsogolo, ndinayesa kugwedeza njinga, sinasunthe. Tinanyamuka pang'onopang'ono.